Dziko Lonse Limalira ndi Nyimbo ya Bambo Anga, Kupatula Ine

Aphungu,

Ndili ndi zaka zinayi kapena zisanu, bambo anga ankandiperekeza ku sukulu ya mkaka pa njinga. Ndinkakhala pa kampando ka kumbuyo nditavala chipewa chachikasu, ndipo njira yathu inkadutsa pa mlatho wautali wa pa mtsinje wa Mogami. Pamlathopo mphepo yochokera kunyanja imakankha munthu ngati ili naye chifukwa. Njinga inkagwedezeka, ine n'kumalira. Ndiye bambo anapeka kanyimbo koti kazindiiwalitsa mantha. Kankanena kuti ndigwiritsitse jekete lawo, ndisayang'ane madzi, mphepo ingodutsa. Ndime yomaliza inkati tikafika kutsidya ndingathe kulitaya jeketelo n'kuthamanga ndekha, iwo atembenuza njinga n'kubwerera, ndipo ndisawadere nkhawa chifukwa awoloka bwino. Sankaimba mokweza. Nyimboyo ndinkaimvera kumsana kwawo, khutu nditaligunditsa pa jekete lonunkha inki ya ku ntchito kwawo kosindikiza makalendala.

Nyimbo imeneyo mukuidziwa, Aphungu. Sinditchula dzina lake, koma ngati munapitako ku ukwati uliwonse m'zaka makumi awiri zapitazi, munaimva. Mnzawo wa bambo wa ku koleji, amene ankagwira ntchito ku kampani yojambula nyimbo ku Tokyo, anabwera kudzacheza chaka china n'kuwamva akuiimba ndi gitala. Anapita nayo pa kaseti. Kumeneko anaikonza mwa iwo okha. Njinga anaichotsamo, jekete analisandutsa dzanja la wokondedwa, anathiramo mavayolini, n'kuipereka kwa mtsikana wina wa mawu okoma. Ndime yomaliza anaitaya yonse, poti pa ukwati sitinena za kusiyana kapena kubwerera. M'malo mwake anaikamo lonjezo la anthu awiri loti sadzatayana mpaka kalekale. Inayamba kumveka pa wailesi yakanema potsatsa mphete za ukwati, ndipo pasanathe miyezi ingapo inali pamwamba pa nyimbo zonse. Anthu oposa miliyoni anagula chimbale chake. Mpaka lero ili m'makina onse a karaoke, m'masitolo, ngakhale pa foni ya ku chipatala cha mano akakuuzani kuti mudikire.

Pa chimbalecho bambo analembetsa dzina lopeka, choncho kunja kwa tauni yathu ya Sakata palibe amene amawadziwa. Ntchito yosindikiza sanaisiye mpaka anapuma, ndipo sanapekenso nyimbo ina imene inapita patali. Amayi amawaseka nazo. “Munthu wa nyimbo imodzi, ngati wotchi ya pakhoma,” amatero uku akuwapakulira mpunga. Bambo amayankha osadzutsa mutu kuti, “Imodzi yomweyo ndiyo inafolera nyumba mukugonamoyi.” Amayi amati, “Denga lake layamba kudontha. Pekani ina.” Nyimboyo amayi amaitcha mng'ono wanga amene anapita ku Tokyo, mwana wabwino amene amatumiza thandizo koma kumudzi sabwera. Ikayamba kulira m'sitolo tikugula nsomba, amayi amawaitana bambo ndi dzina langa n'kunena kuti, “Bambo a Fumi, mwana wanu uyo akukuitanani.” Apo bambo amapita kukaima pamene pali tofu, chakudya cha soya chija, n'kumayang'anitsitsa mapaketi ngati sanawaonepo chibadwire.

Tsopano ndili ndi zaka 31, ndimagwira ntchito ku laibulale, ndipo mu Okutobala muno ndikukwatiwa ndi mnyamata wofatsa dzina lake Ryohei, amene amaphunzitsa masamu ku sekondale. Vuto langa ndi kalata ya mkwatibwi. Monga mukudziwa, madyerero akamatha amazimitsa magetsi, makolo amaima kumbuyo pafupi ndi khomo, mkwatibwi amawerenga kalata yowathokoza nyimbo ikulira chapansipansi, kenako amapita kukawapatsa. Bambo a mkwati amalankhula pomaliza, koma bambo a mkwatibwi salankhula. Amakhala pa tebulo lakutali kuposa onse, tsiku lonse akuzungulira ndi botolo kuthirira alendo mowa. Mphindi zochepa za kalatayo ndi zokhazo zimene ndidzakhale nazo ndi bambo anga pa tsikulo. Ndipo aliyense wagamula kale kuti pa mphindi zimenezo padzalira nyimbo yawo.

Ine nyimboyo siindikhudzanso, Aphungu. Ndalemba chiganizo chimenechi ndipo ndikuchita nacho manyazi.

Ndikuganiza kuti ndikudziwa pamene zinayambira. Ndikuphunzira ku yunivesite ku Sendai, Loweruka ndi Lamlungu ndinkagwira ganyu yoperekera zakudya pa holo ina ya maukwati. Tsiku limene kalendala imati ndi lamwayi, maukwati ankangotsatizana kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo ambiri ankasankha nyimbo yomweyo. Kapitawo wathu, a Onodera, ankaigwiritsa ntchito ngati belu. “Akamalowa kolasi yoyamba makapu a khofi akhale atachoka! Kolasi yachiwiri, iwe ndi iwe mukhale mutaima pakhomo ndi maluwa. Amene alire ndi alendo, osati inu, sitikulipirani misozi pano!” Ndinagwira zaka zitatu osauza munthu kuti ndine mwana wa amene anaipeka. Mnzanga wina ankati akadzakumana ndi mwini nyimboyo adzamugenda ndi mbale ya supu, ine n'kumaseka nawo. Kuyambira pamenepo, ikangoyamba, miyendo yanga imayamba kuwawa ndipo maso anga amayamba kusaka matebulo amene pakadali makapu. Akwatibwi ambirimbiri ndinawaona akulephera kumaliza kalata chifukwa cha nyimbo ya bambo anga, ine ndili chiimire ndi thireyi, ndikuganiza za sitima yobwerera kogona.

Mabanja athu awiri atakumana koyamba pa chakudya, nkhaniyi inatha ndisanatsegule pakamwa. Bambo a Ryohei, a Igarashi, ndi mlimi wa mpunga wa ku Tsuruoka, munthu wa mawu aakulu ndi mtima wabwino kwambiri. Ryohei anali atawanong'oneza za bambo, ndipo mowa utangowalowa pang'ono analephera kupirira. “Asewere!” anafuula, atagwira dzanja la bambo ndi manja awiri. “Nyimbo yanu ija ine ndinaiimba pa ukwati wa mwana wanga wamkulu. Ndinaiimba pa ukwati wa mwana wa mlongo wanga. Ndinaiimbanso pa phwando la alimi ngakhale panalibe wokwatira!” Akazi awo anati, “Ndipo konseko anthu ankakumbukira mwadzidzidzi kuti akufuna kuchimbudzi.” A Igarashi sanamve n'komwe. Anaimirira n'kuimba kolasi yonse, maso atatsinzina, mawu akuyenda njira yawoyawo. Atakhala pansi anapukuta m'maso n'kunena kuti, “Tangoganizani. Mwana weniweni wa mwini nyimbo, akuwerenga kalata, nyimbo ikulira. Abale anga ndawauza kale kuti aliyense abwere ndi mipango iwiri.”

Bambo anaweramitsa mutu mpaka pafupi ndi tebulo n'kunena kuti, “Mwatilemekeza kwambiri.” Kenako anawathirira mowa. Ine ndinaweramanso n'kuti, “Zikomo kwambiri.” Amayi okha ndiwo anandiyang'ana kanthawi, n'kuyang'ana bambo, n'kufunsa akazi a a Igarashi mmene amasungira biringanya zamchere.

Mayi amene akutikonzera madyerero ku holo, a Konno, nawonso ndi osangalala kwambiri. Anati atawauza anzawo mu ofesi, mmodzi analira pomwepo. Anayeza kale kuti ndikawerenga mosathamanga, mawu oti zikomo adzagwera pa kolasi yachiwiri ndendende. Ndinawaonetsa zimene ndinali nditalemba. M'kalatamo muli ndime ya mlatho uja, jekete, ndi mawu a bambo oti ndikafika kutsidya ndingathe kulitaya jeketelo, iwo n'kubwerera okha. A Konno anawerenga akumwetulira, kenako anazunguliza ndimeyo ndi pensulo mwaulemu. “Ndi yokongola zedi,” anatero, “koma muli kutaya, muli kubwerera. Akuluakulu a ku Tsuruoka amasunga mwambo. Bwanji tingonena kuti bambo ankakuimbirani nyimbo imeneyi, basi? Nyimboyo idzanena zotsalazo.” Ndinavomera. Ndimavomera msanga, Aphungu, ndilo vuto langa lina.

Sabata yatha ndinadziyesa. Ndinaimika galimoto pafupi ndi doko, ndinayatsa nyimboyo n'kuwerenga kalata yokonzedwayo mokweza. Mawu anatuluka bwinobwino, ngati ndikulengeza kuti laibulale yatsala pang'ono kutsekedwa. Pa kolasi yoyamba ndinaganiza za makapu. M'maso munali gwa. Kenako ndinazimitsa, ndinatenga pepala lakale lija n'kuyamba kuwerenga ndime ya mlatho popanda chilichonse chikulira. Sindinaimalize. Ndinakhala m'galimotomo mpaka mphuno inatupa, bambo wina woweza nsomba n'kugogoda pa windo kufunsa ngati ndadwala.

Ryohei ndinamuuza. Anaganiza kwa nthawi yaitali monga amachitira, n'kunena kuti, “Ukafuna ndiwauza bambo anga kuti chimbale chasowa.” Ndinati, “Chimbale chimenecho? M'dziko muno? Bambo ako ali nazo ziwiri m'thirakitala.” Anati, “Zitatu.” Tinaseka, koma nkhani inathera pomwepo. Iye akuti achita chilichonse chimene ndisankhe, ndipo ndikudziwa kuti akunena zoona, koma kusankhako ndiko kukundikanika.

Bambo anga ndinayesa kuwafunsa kamodzi. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akukonza njinga yomwe ija, imene amakana kuitaya ngakhale amayi amati ikuchititsa manyazi mudzi wonse. Kampando kanga kakadali pomwepo, amanyamulirapo anyezi. Ndinati, “Ababa, za nyimbo ija pa ukwati.” Anati, “Ee. A Igarashi asangalala kwambiri.” Ndinati, “Nanga inuyo?” Anati, “Ine? Ine ndidzakhala kumbuyo ndi botolo langa. Tandipatsira sipanala iyo.” Ndinawapatsira. Ndikulowa m'nyumba ndinawamva akuimba mluzu, pang'onopang'ono, mmene inalili kale isanapite ku Tokyo. Anaimba mpaka ndime yomaliza ija, imene pa chimbale palibe.

Sindikudziwa tanthauzo lake. Mwina amainyadira nyimboyo kuposa mmene amaonetsera, ndipo akhala akudikira tsiku limeneli kwa zaka zonsezi osanena. Ndi chinthu chachikulu chokhacho chimene dziko linawayamikira nacho, ngakhale silidziwa nkhope yawo. Inandilipirira sukulu. Mabuku onse amene ndinawerenga ku Sendai, amene mwina ndi omwe anandiphunzitsa kunyoza zinthu zokondedwa ndi anthu ambiri, anagulidwa ndi nyimbo imeneyo. Nthawi zina ndimaganiza kuti ndangokhala munthu wodzimva, woti chinthu chikakondedwa ndi aliyense iye sachifunanso. Ndikaikana, ndikuopa kuti bambo adzangoti “Chabwino,” n'kupita kukakonza njinga, ndipo sindidzadziwa mpaka kalekale kuti ndinawapweteka motani. Ndikaivomera, ndidzaima pamaso pawo ndi maso ouma, holo yonse ikulira, iwo akundiyang'ana. Bambo anga salankhula zambiri koma amaona. Adzadziwa kuti mwana wawo yekha ndi amene nyimbo yawo siimufika pamtima.

Kodi ndine wosayamika, Aphungu? Ndingopirira mphindi zochepazo kuti onse asangalale? Kapena pali njira yowauzira bambo popanda kuwalanda chinthu chawo? Ndalemba momasuka chifukwa bambo sawerenga tsamba lino. Nyuzipepala amangoonamo zanyengo ndi zamasewero.

Ine wothedwa nzeru,
F. T., Sakata

*

Mwana wanga F. T.,

Pukuta mphuno, ukhale pansi. Sindiwe wosayamika ndipo mtima wako si wouma. Munthu wouma mtima salira m'galimoto mpaka asodzi kumugogodera pa windo.

Ndisanayambe kulemba tsamba lino ndinagwira ntchito yotsogolera mwambo pa maukwati kwa zaka zambiri. Nyimbo ukunenayo ndaizindikira, ndipo ndikuuze zoona, nanenso ikayamba ndimayang'ana wotchi. Si vuto la nyimboyo, ndi yabwino ndithu. Ndi matenda a anthu amene anaimva ataimirira. Iwe unaigwirira ntchito zaka zitatu, ndiye usadabwe kuti miyendo yako imaikumbukira kuposa maso ako. Za yunivesite zisiye, sizikukhudzana nazo.

Amayi ako anakuuza kale zoona mwanthabwala. Pali nyimbo ziwiri. Ina inapita ku Tokyo, inavala bwino, inakondedwa ndi dziko lonse, ndipo tsopano ndi ya a Igarashi, ya a Konno, ya mkwatibwi aliyense amene analira nayo. Ina inatsala pa mlatho, ndipo oidziwa ndinu atatu: iwe, bambo ako ndi amayi ako. Iwe sukukana nyimbo ya bambo ako. Ukufuna imene anakupekera iweyo.

Chimene bambo ako akufuna sindikuchidziwa. Iwenso sukuchidziwa, chifukwa sunawafunse. Unangotchula mutu wa nkhani munthu ali ndi girisi m'manja, iwo n'kukuyankha za a Igarashi, iwe n'kuwapatsa sipanala. Anthu ofatsa awiri akakondana amatha kupirira chinthu chimodzi chomwecho, aliyense akuganiza kuti akuchitira mnzake. Zikhoza kukhala choncho kwanuko. Koma usathamangire kugamula kuti nyimbo ya ku Tokyo amadana nayo chifukwa choti amathawira ku tofu. Munthu akhoza kunyadira mwana wake koma n'kumachita manyazi akamutamanda pagulu.

Ndiye uchite izi. Lamlungu likubwerali upite kwanu, uwapemphe bambo kuti mukayende pa mlatho uja. Usawakhazike pa tebulo maso ndi maso, abambo a mtundu umenewo amalankhula akamayang'ana kutsogolo. Usayambe ndi mawu oti sindikufuna. Uyambe ndi zimene ukufuna. Uwauze kuti ndime yomaliza ija ukuikumbukira yonse, uwapemphe akuimbire, ndipo akakana uyambe ndiwe ngakhale mawu ako akhale ngati a a Igarashi. Kenako uwafotokozere za makapu a khofi. Adzaseka, ndikukutsimikizira, ndipo munthu akaseka nkhani yovuta imalowa mosavuta. Pomaliza uwafunse funso limene sangathe kuyankha ndi ee: “Ababa, ndikamadzawerenga kalata yanu, mukufuna kudzamva chiyani?” Ukafunsa ukhale chete. Usawathandize kuyankha. Mlathowo ndi wautali, nthawi ilipo.

Apongozi ako usawanamize. Za chimbale chosowa muiwale, Ryohei asayambe banja ndi bodza limene thirakitala ingaliulule. Munthu amene uja sakufuna kukulamulira, akungoikonda nyimboyo ndi mtima wake wonse, ndiye mupatseni. Mupite awiri ku Tsuruoka ndi kabokosi ka makeke, muwapemphe kuti pakati pa madyerero, iwe ukabwera kosintha zovala, atsogolere holo yonse kuimba nyimboyo. Muwauze kuti palibe wina amene angathe, ndipo simudzakhala mukunama. Abale awo adzagwiritsa ntchito mpango woyamba pamenepo. Bambo ako adzaona ndi maso awo anthu a mabanja awiri akuimba chimene iwo anapeka, ndipo adzakhala ndi botolo m'manja lobisalirako. Nyimbo ya ku Tokyo idzakhala italandira ulemu wake wonse, pa malo amene imakhoza bwino.

Kwa a Konno ubwerere ndi pepala lako lakale. Ndi munthu wodziwa ntchito yake ndipo anachita bwino kukuchenjeza, koma ukwati ndi wako. Mwambo wopewa mawu a kusiyana unaikidwa kuti uteteze banja latsopano. Ndime yako sikunena za iwe ndi Ryohei. Ikunena za mwana amene wafika kutsidya ndi bambo amene akubwerera yekha, ndipo aliyense m'holomo akudziwa kuti n'zimene zikuchitika tsikulo ngakhale palibe wozitchula. Uyambe kalatayo ndi kupepesa kwa akuluakulu, kuti muli mawu ena osayenera tsiku lotere koma ndi mawu a bambo ako ndipo sungathe kuwasintha. Pa zaka zanga zonse sindinaonepo nkhalamba ikukwiyira mkwatibwi amene wayamba wapepesa. Amayi a Ryohei uwanong'oneze pasadakhale. Mayi amene saopa kuseka mwamuna ngati uja pagulu akhoza kuletsa Tsuruoka yense.

Uwauzenso a Konno kuti pa kalata pasadzalire chilichonse. Adzachita mantha, anthu a m'maholo amaopa chete kuposa moto. Ine ndinaonapo kalata zowerengedwa popanda nyimbo, zochepa kwambiri, ndipo ndi zokhazo zimene ndikuzikumbukirabe. Mumamveka pepala likutembenuzidwa, mpando ukulira, wina akufunafuna mpango. Koma iwe unagwirapo thireyi, ndiye ukudziwa kuti anyamata ndi atsikana a kumbuyo aja adzasokonezeka popanda kolasi yawo. Uwapatse chizindikiro china. Makapu achoke magetsi asanazime, ndipo a maluwa ayende akadzaona ukupinda pepala.

Tsono pa mlathopo bambo akakuuza kuti iwo akufuna nyimbo ya pa chimbale, kuti akhala akuiyembekezera, uwapatse ndi mtima umodzi. Uwerenge ndime ya mlatho nyimboyo ikulira, uyang'ane jekete lawo osati matebulo. Misozi ikabwera ibwere, ikapanda kubwera palibe mlandu. Kalata ya mkwatibwi si mayeso a kulira, ndipo bambo amene wamva kale za makapu sadzadabwa ndi maso ouma.

Koma tamvera machenjezo anga. Usayerekeze kuwadzidzimutsa ndi ndime imeneyo pagulu usanawapemphe. Akhala akuisunga mu mluzu zaka zonsezi, ndipo ndi yawo isanakhale yako. Akati ikhale ya m'nyumba, uilembe pa pepala lomaliza, usaiwerenge mokweza, adzaiwerenga okha kunyumba. Usawauzenso kuti nyimbo yawo inaonongeka kapena inafa. Siinafe, ikugwira ntchito Loweruka lililonse, ndipo m'kalata yako uithokoze mng'ono wakoyo ndi chiganizo chimodzi, chifukwa anakuphunzitsa sukulu.

Chenjezo lomaliza ndi ili. Ukuti bambo ako sawerenga tsamba lino. Nanga amayi ako? Mayi amene anakuyang'ana iwe, n'kuyang'ana bambo ako, n'kuyamba nkhani ya biringanya, ameneyo tsamba lino amaliwerenga asanathire madzi a tiyi. Ukachedwa adzawawerengera mokweza pa chakudya cha m'mawa, ndi ndemanga zawo pamwamba. Fulumira, bambo amve kwa iwe.

Ndipo tsikulo likadzafika, usadzathamange. Uwerenge mpaka pamene mawu akuthera. Kenako upinde mapepala ako bwinobwino, uyende holo yonseyo mpaka kukhomo kumene makolo aima. Maluwa upatse amayi. Kalata uiike m'dzanja la bambo ako, ndipo akailandira, uitaye ngati jekete lija kutsidya kwa mlatho.

Aphungu